Musiyeni alize zalazo, koma muoneni mmene akuyendera

Lamlungu lina tili m'tchalitchi, mlaliki atangofika pa mfundo yake yachitatu, kamnyamata kamene kanakhala pa benchi ya kutsogolo kwathu kanayamba ntchito yake. Kanapinda chala chamkombaphala, thyo! Chapakati, thyo! Kanamaliza dzanja lonse n'kuyambapo linalo. Amayi ake sanacheuke n'komwe. Anangotambasula mkono, kukatsina pantchafu, n'kunong'ona mokweza moti benchi yonse inamva: "Udzadwala nyamakazi iwe. Zala zimenezo zidzatupa ngati chinangwa."

Mapemphero atatha ndinakaonanso kamnyamatako kakutsika masitepe. Kankakoka mwendo wamanzere, phazi litaloza kunja, ndipo pa sitepe iliyonse kankayamba kagwira khoma. Amayi aja anali patsogolo ndi anzawo a kwaya. "Tafulumira iwe," anatero osayang'ana m'mbuyo.

Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti mayiwo si mayi wosasamala. Amamukonda mwana wawo, n'chifukwa chake anamutsina. Kungoti tinaphunzitsidwa tonse kutchera khutu pamene pafunika maso. Phokoso la zala, lomwe silinapundulepo munthu, timalidzudzula tsiku ndi tsiku. Kutsimphina, komwe kungamusiye mwana ndi mwendo waufupi moyo wake wonse, timati ndi kukula.

Tiyambe ndi phokosolo. Pamene mafupa awiri akumana, monga pa mfundo ya chala, pamakhala kathumba kotsekeka ndipo m'kati mwake muli timadzi tonanda ngati therere. Timadzi timeneti ndi girizi wa thupi. Muli mpweya wosungunukiramo, monga momwe umakhalira m'botolo la Fanta lisanatsegulidwe. Ukakoka chala kapena kuchipinda mwamphamvu, mafupa aja amatalikirana mwadzidzidzi, mpata umakula, ndipo mpweya uja umatuluka m'timadzimo n'kupanga kathovu. Thyo uja amachokera pamenepo. Palibe fupa limene lakhulana ndi linzake, palibe chimene chathyoka. N'chifukwa chake chala chimene changolira kumene sichiliranso mpaka patapita mphindi ngati 20, mpweya uja utasungunukiranso m'timadzi. Aliyense amene anakhalapo ndi chizolowezichi akudziwa kudikira kumeneko.

Akatswiri alimbana ndi kathovu kameneka kwa zaka zambiri, ndipo mkangano wawo ndi wosangalatsa. Mu 1947 madokotala awiri a ku London, Roston ndi Haines, anajambula zala pa X-ray zikukokedwa n'kuona mpata wa mpweya ukuoneka pa nthawi yomwe chala chalira. Mu 1971 gulu la ku Leeds, lomwe munali Unsworth, Dowson ndi Wright, linati ayi, phokoso limabwera kathovuko kakamaphulika. Kenaka mu 2015 Greg Kawchuk ndi anzake a ku University of Alberta, ku Canada, anagoneka munthu m'makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI, kumumangirira chingwe ku chala, n'kumakoka pang'onopang'ono uku akujambula kanema. Anaona kathovu kakubadwa pasanathe theka la sekondi, ndipo chala chitalira kale kathovuko kanali kadakalipo. Kaya phokoso limabwera pobadwa kathovu kapena pophwa, zimenezo tiwasiyire eni ake. Chimene onse amagwirizana n'chakuti ndi nkhani ya mpweya ndi madzi.

Nanga nyamakaziyo? Pano ndimakonda kukumbukira dokotala wina wa ku California, Donald Unger. Ali mwana, amayi ake ndi azakhali ake ankamuopseza ndi mawu omwewa, ndipo atakwatira apongozi ake anawonjezerapo. Iye anaganiza zowayesa. Kwa zaka 50 ankaliza zala za dzanja lamanzere kawiri kapena kuposa pa tsiku, lamanja osalikhudza. Mukawerengetsa ndi maulendo osachepera 36,500. Mu 1998 analemba kalata ku magazini ya madokotala a nyamakazi kunena kuti manja onse awiri ali bwinobwino, palibe kusiyana. Mu 2009 anamupatsa mphoto ya Ig Nobel, ija amapereka pa kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo. Munthu kusunga mkangano ndi amayi ake kwa theka la zaka 100, makani ake ndi a mtundu wina, koma tinapindula nawo.

Munthu mmodzi si umboni wokwanira, ndikuvomera. Koma mu 2011 madokotala ena ku America anayang'ana zithunzi za X-ray za manja a anthu 215 a zaka zapakati pa 50 ndi 89, n'kuwafunsa ngati ankaliza zala. Mwa oliza zala, pafupifupi 18 pa 100 aliwonse anali ndi nyamakazi ya m'manja. Mwa osaliza, anali opitirira pang'ono 21 pa 100 aliwonse. Kunena kwina, chizolowezicho sichinawonjezere kanthu, ngakhale kwa amene anachita zimenezi kwa zaka makumimakumi. Ndipo tonse tikudziwa kuti chizolowezi chimenechi munthu sachiyamba ali ndi imvi. Chimayambira pa benchi ya kusukulu.

Amene akufuna kunditsutsa ali nako kogwira. Mu 1990 kafukufuku wa anthu 300 ku Detroit anapeza kuti oliza zala analibe nyamakazi yochuluka kuposa anzawo, koma ambiri mwa iwo manja awo anali otupirako ndiponso ofooka pogwira chinthu. Zimenezi siziyenera kubisidwa. Komabe kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti oliza zalawo ambiri anali ogwira ntchito zamanja, osuta fodya ndi omwa mowa, choncho n'kovuta kuloza chala pa chizolowezi chimodzi chokha. Ofufuza ena amene anadzayesanso pambuyo pake sanapeze kufooka kumeneko. Ngati mwana akupotokola chala mokakamiza mpaka kumva kuwawa, ameneyo muletseni, chifukwa chilichonse chokakamiza chimavulaza. Koma thyo wosapweteka si matenda.

Ndikudziwa chimene akuluakulu ena anganene: kuliza zala pakati pa anthu ndi mwano. Apo ndiye ndili nanu. Mwana amene akuliza zala agogo akulankhula, kapena pamaliro, kapena m'kalasi, akusowa khalidwe, ndipo auzidwe choncho. Chimene ndikukana ndi kubisa mwambo m'chikopa cha matenda. Tinakulira m'njira imeneyo: ukaseweretsa moto ukodza pogona, ukaimba mluzu usiku uitana afiti. Zinkagwira ntchito pa nthawi yake, ndipo mawu a akuluakulu amakomadi akagonera. Koma mwana wa lero ali ndi foni ya mkulu wake. Akafufuza n'kupeza kuti za nyamakazi zija n'zabodza, tsiku limene mudzamuuze kuti bondo lotupalo likufunika chipatala adzaliika m'thumba lomwelo la zoopseza. Muuzeni zoona: "Usamatero pagulu, zimanyansa anthu." Basi.

Mawondo nawo amalira. Mtsikana wa zaka 13 akanjuta kuti akolezere moto, mawondo onse awiri thyo, thyo. Mnyamata akadzuka pamkeka, kakolo khe. Mwina ndi mpweya womwe uja, mwina ndi mtsempha umene wadumpha pa kansonga ka fupa ngati chingwe cha gitala. Pa msinkhu wotha msinkhu, mwana amatha kutalika masentimita 8 mpaka 10 pa chaka chimodzi, ndipo minofu ndi mitsempha imakhala yokungika pothamangira mafupa amene akutalikawo. Kulira kotere, kopanda ululu, kopanda kutupa, bondo losakanirira, sikufuna mankhwala aliwonse.

Tsopano tibwere pa chimene chili choyenera mantha athu, ndipo kuti tichione bwino tipite kumbale ya ndiwo. Tengani ntchafu ya nkhuku yachizungu, ija ya milungu isanu ndi umodzi. Mukamaliza mnofu, kumapeto kwa fupa kuli kachipewa koyera, kosalala, kotafunika khukhuru khukhuru. Mukakakankha ndi chala kamasupuka, n'kusiya fupa lofiirira, lokhakhala. Yesani zomwezo pa tambala wachikuda amene wakhala akulira pakhomo zaka zitatu: mano anu ndi amene avutike. Kachipewa kaja ndi chicherewecherewe, ndipo nkhuku yanthete ili nacho chambiri chifukwa mafupa ake sanakhwime. Mwana wa munthu ali chimodzimodzi.

Chicherewecherewe cha mwana chili pawiri. China ndi chija chokuta nsonga za mafupa kuti ziziterereka pokumana. Pa bondo n'chochindikala mamilimita awiri mpaka anayi okha, ndipo mulibe mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera m'timadzi tija, ngati siponji: ukaponda chimafinyika, ukanyamula phazi chimayamwa. N'chifukwa chake kuthamanga, phada, fulaye, jingo ndi mpira wachikulunga ndi chakudya cha mfundo za mwana, ndipo mwana wongokhala pampando ndi foni tsiku lonse akuzimana. Koma kusowa magazi komweko kumachititsa kuti chikawonongeka chisamere msanga. William Hunter, dokotala wa ku Scotland, analemba zimenezi kale mu 1743, ndipo mpaka lero madokotala akulimbana nalobe vutoli.

Chinacho chili m'kati, chapafupi ndi nsonga ya fupa lililonse lalitali: kamzere kopyapyala ka chicherewecherewe kamene fupa limakulirapo. Pamenepo ndiye pa munda. Maselo amachulukana, kusanjikizana, kenaka n'kusanduka fupa, ndipo mwana amatalika. Timizere ta pafupi ndi bondo tokha timapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kutalika kwa mwendo. Timatsekeka mwana akakhwima, atsikana cha m'ma 14 mpaka 16, anyamata cha m'ma 16 mpaka 18. Tisanatsekeke, malo amenewa ndi ofooka kuposa mitsempha yomanga mfundo. Tanthauzo lake ndi ili: kugwa kumene kungamubinyitse bambo wa zaka 30, mwana wa zaka 11 kumamuthyola pa kamzere kokulira. Mwa mafupa onse othyoka a ana, pakati pa 15 ndi 30 pa 100 aliwonse amathyokera pamenepa, makamaka pa zala ndi pa mkono chapafupi ndi dzanja.

Ndiye taganizani zimene timachita mwana akagwa mumtengo wa mango, kapena mpira wamanja ukamugunda kunsonga kwa chala. "Wangobinya uyu, bwera kuno." Amalume amagwira dzanja, wina amagwira mwana, n'kukoka mpaka limveke phokoso, ndipo tonse timapuma kuti labwerera m'malo mwake. Anthu omwe aja oletsa mwana kuliza zala zake zabwinobwino ndi amene amakoka chala chotupa kuti chilire. Kenaka kuthowa ndi madzi otentha, mwinanso kutemera mphini. Ngati kamzere kaja kasweka, kukokako kumawonjezera kuwononga, ndipo zotsatira zake sizioneka sabata imeneyo. Zimaoneka patapita chaka kapena ziwiri, mbali imodzi ya fupa itasiya kukula inayo ikupitiriza, dzanja n'kukhota. Mwana amene watupa pafupi ndi mfundo atagwa, amene akukana kuti mumukhudze pafupa, amene sakutha kuponda, akufunika kujambulidwa, ndipo mwina chikhakha. Sakufunika amalume amphamvu.

Pali ululu wina wa kukula umene ndi weniweni koma wosaopsa, ndipo ndi bwino kuudziwa kuti tisathamangire kuchipatala ndi chilichonse. Ana a zaka zitatu mpaka 12 amatha kulira usiku kuti miyendo ikuwawa, yonse iwiri, m'akatumba kapena m'ntchafu, osati pa mfundo. Mukawasisita amagona, m'mawa amadzuka akuthamanga ngati sikunachitike kanthu. Palinso kachotupa kolimba kamene kamatuluka pansi pa bondo, pamwamba pa msongolo, mwa ana okonda mpira a zaka za m'ma 10 mpaka 15. Madokotala amakatchula ndi maina a anthu awiri amene anakafotokoza mu 1903, Osgood wa ku America ndi Schlatter wa ku Switzerland. Mtsempha waukulu wa bondo umakhala ukukoka pa malo okulira. Kamawawa pogwada ndi pothamanga, koma kupumulako ndi kuchepetsa masewero kumathandiza, ndipo kamasiya kokha mafupa akakhwima.

Koma kutsimphina kwa masiku, mwendo umodzi, n'kwina. Kamnyamata ka kutchalitchi kaja kanandikumbutsa vuto limene limagwira ana a zaka 10 mpaka 16, makamaka anyamata ojintcha: mutu wa fupa la ntchafu umaterereka pa kamzere kake kokulira, m'chiuno, ngati chipewa chimene chasendemuka pamutu. Chinyengo chake n'chakuti mwana nthawi zambiri amaloza bondo kapena ntchafu, pomwe vuto lili m'chiuno. Phazi limaloza kunja. Akapezeka msanga, madokotala amalowetsa chitsulo chimodzi chogwira mutuwo kuti usapitirire, ndipo mwana amayenda. Akachedwa, mutu wa fupa ukhoza kufa chifukwa chosowa magazi, ndipo nyamakazi yeniyeni, ija tinkamuopseza nayo pa zala, imamupeza m'chiuno asanafike zaka 30.

Choopsa mwachangu kuposa zonse ndi mfundo imodzi yotupa, yotentha, mwana watentha thupi ndipo akukana kuti muugwedeze mwendo. Kwathu kuno thupi likatentha timangoti malungo, n'kugula mankhwala pa okala. Koma ngati tizilombo talowa m'kathumba ka mfundo, mafinya amadya chicherewecherewe m'masiku owerengeka chabe. Imeneyo ndi nkhani ya lero lomwe, osati ya mawa. Chimodzimodzi mwana amene anadwala zilonda zapakhosi masabata awiri kapena atatu apitawo, ndiye lero bondo latupa, mkuja chigongono, kenaka kakolo, ululu ukusamukasamuka. Matenda amenewo amangodutsa m'mfundo koma amakaluma mtima, ndipo achinyamata ambiri amene akuvutika ndi mtima m'zipatala zathu anayambira pamenepo. TB nayo imalowa m'msana ndi m'chiuno mwa ana, mwakachetechete, kwa miyezi.

Wina anena kuti, "Inu a m'nyuzi mumalankhula ngati chipatala chili kuseri kwa nyumba." Zoona. Kabaza ndi ndalama, tsiku lotayika kumunda kapena kumsika ndi ndalama, ndipo ukhoza kufika n'kumva kuti makina ojambulira sakugwira ntchito. Sindikuchepetsa zimenezo. Koma ndi chifukwa chomwecho tiyenera kudziwa chopitira ndi chosapitira. Ndipo thandizo lilipo kuposa mmene ambiri amaganizira. Kuyambira mu 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa ma clinical officer a mafupa, ndipo ndi amene amaona anthu othyoka m'zipatala za m'maboma. Ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimachita maopaleshoni a mafupa a ana. Ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, kuli tsopano chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Chimene anthu amenewa sangathe ndi kubweza miyezi imene mwana anakhala kunyumba akuthowedwa.

Za chakudya ndingodutsapo, poti n'zodziwika. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Timizere tokulira sitigwira ntchito ndi nsima yokha. Usipa, bonya ndi matemba, zodyedwa ndi minga yomwe, zili ndi kashiamu wochuluka, mawerenso chimodzimodzi. Nyemba, nsinjiro, dzira, bonongwe, ndi kusewera padzuwa: zimenezi ndiye zomanga mafupa. Mabotolo okwera mtengo a mankhwala "olimbitsa mfundo" amene akutsatsidwa pa Facebook mwana wathanzi alibe nawo ntchito. Ndikadakonda tikadakangana zambiri za chigubu cha malita 20, chomwe ndi makilogalamu 20, pamutu pa mtsikana wa zaka 9, kawiri kapena katatu pa tsiku. Ameneyo palibe amamutsina. Timamuyamikira kuti ndi wolimbikira, ndipo akadandaula khosi timamupindira nkhata yokulirapo.

Pa khosi pomwepo ndiye ndiike malire anga. Zala lizani. Koma masewero opotokolana khosi kuti lilire, amene anyamata akutengera m'timakanema ta pa TikTok, ayi. M'mafupa a khosi mumadutsa mitsempha yopita ndi magazi ku ubongo, ndipo kupotokola mwadzidzidzi, ngakhale sizichitikachitika, kukhoza kung'amba umodzi n'kubweretsa sitiroko. Chala ndi khosi si zofanana.

Tsiku lija ndinazengereza kwambiri pakhomo la tchalitchi. Kuuza mayi za mwana wake ndi kuponda pa minga, ndipo ine si dokotala. Koma paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho ndinawatsatira mpaka pa mtengo wa m'bawa pomwe amaimika njinga.

"Pepani mayi, kodi mwendowo watani mwanayu?"

"Aaa, ndi mpira bambo. Akuti bondo. Ndamuthowa kale kangapo."

"Wayamba liti?"

Anawerenga m'mutu. "Chimanga chisanakhwime."

Apo n'kuti tili mu June. Ndinawapempha kuti akamuonetse, ndipo akakafika akanene kuti amuone m'chiuno, osati bondo lokha, ndiponso kuti asamayende mtunda wautali kufikira atamuona. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anayang'ana phazi lija, ndipo ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba kuliona mmene lalozera. Anati apita Lachiwiri, akagulitsa tomato Lolemba. Mnyamatayo anali atatsamira mtengo, mwendo wamanzere ataupinda pang'ono, akutimvetsera. Kenaka anaphatikiza manja ake n'kuwatambasula, thyo thyo thyo, ndipo amayi ake anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.